Uthenga wa "GLIBC not found" ukabwera, libc musaigwire ndi manja

Mwadawuniloda pulogalamu, bandulo yapita ndithu, mwaiika pa seva ya ku ofesi, ndiye poti muiyatse pa sikirini pakutuluka mzere uwu:

```
./pulogalamu: /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6: version `GLIBC_2.34' not found (required by ./pulogalamu)
```

Uthengawu ndi wonyenga. Munthu ukauwerenga umaganiza kuti pali kafayilo kamodzi kokalamba, ndipo ukangopeza katsopano n'kuikapo zonse ziyenda. Anthu amene ndawaonapo atagwetsa seva yonse anayambira pa ganizo limeneli, ndipo sanali osadziwa ntchito ayi. Anali ndi bwana kumbuyo akufunsa kuti pulogalamu iyamba liti.

Kuno ku Mzuzu vutoli silisowa, chifukwa makina ambiri a m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe anaikidwa Ubuntu zaka zapitazo ndipo kuchokera pomwepo palibe anawakwezako. Si ulesi. Kukweza kumadya bandulo, kumafuna magetsi osadukiza, ndipo amene anaika makinawo mwina anasamukira ku Lilongwe kalekale osasiya kalikonse kolembedwa. Ndiye makina amangokhala, akugwira ntchito bwinobwino, mpaka tsiku limene pulogalamu yatsopano yakana.

Glibc, laibulale imene uthengawu ukutchula (fayilo yake yaikulu ndi `libc.so.6`, mwachidule libc), siikwezedwa payokha. Mwina mukweze makina onse, kapena muipezere pulogalamuyo pokhala pake pamene pali glibc imene ikufuna. Zolowetsa libc yatsopano pansi pa makina akale ndi zimene zimatigonetsa mu ofesi.

## Fayilo imeneyi ikusiyana bwanji ndi anzake

Glibc ndi laibulale ya chinenero cha C yolembedwa ndi a GNU. Pa Debian ndi Ubuntu phukusi lake ndi `libc6`, pomwe pa Red Hat, Rocky Linux, AlmaLinux ndi Fedora limangotchedwa `glibc`. Pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo, kupempha memore kapena kufunsa adiresi ya dzina la pa intaneti, imadzera mwa iyo. `ls`, `cp`, `mv`, `bash`, `sudo`, `ssh`, ngakhale `apt` ndi `dpkg` zimene mungakonzere zinthu zikaonongeka, zonse zimaidalira. Taganizani mzati wapakati wonyamula denga: mukufuna kuusintha anthu ali m'nyumba momwemo, ndipo makwerero amene mukwerepo atsamira mzati womwewo.

Chinanso, glibc si fayilo imodzi. Muli `libc.so.6`, `libm.so.6` ndi ena, komanso loader, `/lib64/ld-linux-x86-64.so.2`, imene imayamba kudzuka pulogalamu isanayambe n'kuisonkhanitsira malaibulale ake. Loader ndi libc zimayenera kuchokera m'gulu limodzi, zomangidwa limodzi, chifukwa zimalankhulana kudzera m'zizindikiro zamkati zotchedwa `GLIBC_PRIVATE` zimene zimasintha nambala ikasintha. Mukasintha chimodzi n'kusiya chinzake, makina amayamba kulavula `symbol lookup error` kapena `Segmentation fault` pa lamulo lililonse.

Ntchito iliyonse ya mu glibc ili ndi nambala ya mtundu umene inalowera, ndipo glibc yatsopano imasungabe zakale. N'chifukwa chake pulogalamu yomangidwa pa makina akale imayenda pa atsopano, koma yomangidwa pa atsopano imakana pa akale. Njira yake ndi ya mbali imodzi.

Nambala ya 2.34 imatchuka kwambiri m'madandaulowa ndipo pali chifukwa. Inatuluka mu Ogasiti 2021, ndipo ndi imene inalowetsa `libpthread` ndi `libdl` mkati mwa libc. Ntchito yoyambitsa pulogalamu iliyonse, `__libc_start_main`, inapatsidwanso nambala yatsopano pomwepo. Choncho ngakhale kapulogalamu kongolemba "moni", kakamangidwa pa Ubuntu 22.04, pa 20.04 sikayenda.

Nambalazi n'zofunika kuziloweza. CentOS 7 ili ndi 2.17. Ubuntu 18.04 ili ndi 2.27, 20.04 ili ndi 2.31, 22.04 ili ndi 2.35, ndipo 24.04 ili ndi 2.39. Debian 10 ili ndi 2.28, Debian 11 ili ndi 2.31, Debian 12 ili ndi 2.36. Banja la Red Hat 8 lili ndi 2.28, la 9 lili ndi 2.34. Nambala imeneyi siisintha moyo wonse wa mtunduwo. Mutachita `apt upgrade` kangati konse pa 20.04, mukhalabe pa 2.31.

## Yambani mwaona zimene muli nazo

```
getconf GNU_LIBC_VERSION
cat /etc/os-release
objdump -T ./pulogalamu | grep -o 'GLIBC_[0-9][0-9.]*' | sort -uV | tail -1
```

Lamulo loyamba likuuzani glibc imene ilipo, lachiwiri mtundu wa makina, lachitatu nambala yaikulu imene pulogalamu ikufuna. `objdump` imabwera m'phukusi la `binutils`.

Werenganinso uthengawo mofatsa. Ngati walemba `GLIBCXX_3.4.29` kapena nambala ina yoyamba ndi 3.4, imeneyo si glibc. Ndi `libstdc++.so.6`, laibulale ya C++ yochokera ku GCC, ndipo vuto lake ndi lopepukirapo chifukwa `ls` ndi `bash` sizikhala pa iyo. Anthu amasokoneza ziwirizi n'kukagwira libc imene sinalakwe kanthu.

## Kukweza kumene simuyenera kuopa

Pali kukweza kwina kumene ndikufuna muzichita mosazengereza, kwa zigamba za chitetezo. Izi zimabwera kudzera mu `apt` kapena `dnf`, ndipo nambala yaikulu siisintha: 2.35 imakhalabe 2.35, chimasintha ndi kamchira ka kumapeto kwa dzina la phukusi. Eni ake a Ubuntu, Debian ndi Red Hat amatenga chigamba chokhacho n'kuchisokera pa mtundu wakale. Mabowo a mu glibc si nkhambakamwa. Mu Januwale 2015 kunapezeka lotchedwa GHOST, mu ntchito ya `gethostbyname`. Mu Okutobala 2023 kampani ya Qualys inalengeza la Looney Tunables, la mu loader, limene linkapatsa munthu wamba wa pa makina mphamvu za root, mwini ulamuliro wonse wa makina, pa Ubuntu 22.04, Debian 12 ndi Fedora. Onsewa anatsekedwa ndi apdeti wamba.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti pulogalamu imene ikuyenda kale imakhalabe ndi libc yakale mu memore mpaka itayatsidwanso. Mwaika chigamba, koma Apache ndi sshd zikuyendabe ndi bowo lomwe lija. `needrestart` imakuonetsani zofunika kuyatsanso, ndipo ku banja la Red Hat kuli `needs-restarting`. Ineyo pa nkhani ya libc ndimangoyatsanso makina onse anthu akaweruka.

Zigamba zili ndi malire ake. Za ulere za Ubuntu 18.04 zinatha mu Meyi 2023, za 20.04 mu Meyi 2025, ndipo CentOS 7 inatsekedwa pa 30 Juni 2024. Ubuntu Pro imatalikitsako nthawi, ndipo kwa munthu payekha ndi yaulere mpaka makina asanu, koma nambala ya glibc siikwera nayo.

## Malangizo a pa intaneti amene amagwetsa makina

Ena angokuuzani kuti kopani `libc.so.6` ya pa makina ena. Taona kale kuti loader iikana. Ena akuuzani kuti mumange glibc nokha n'kuchita `make install` ku `/usr` kapena `/usr/local`. Glibc yeniyeniyo imakana pa `configure` mukailozera ku `/usr/local`, ndipo imachenjeza kuti makina akhoza kufa. Malangizo amene akukuuzani kuti mudumphe chenjezolo ndi `--disable-sanity-checks` atsekeni. Enanso amati mulembe `export LD_LIBRARY_PATH=` yoloza ku glibc ina mu `.bashrc`, zimene zimachititsa lamulo lililonse kutenga libc yatsopano ndi loader yakale.

Koma langizo limene ndimaliopa kwambiri ndi looneka laulemu, lowonjezera mzere wa `jammy` (Ubuntu 22.04) mu `sources.list`, mndandanda wa nkhokwe zimene `apt` imatengako maphukusi, ya `focal` (20.04), kapena wa `bookworm` (Debian 12) pa `bullseye` (Debian 11), kenako `apt install libc6`. Limakopa chifukwa mukudzera mu `apt`, ndipo kawirikawiri tsiku loyamba zimayenda, pulogalamu imayaka, bwana amathokoza. Koma `libc6` siibwera yokha, imakoka `libc-bin`, `locales`, `libc6-dev` ndi ena. Mzere uja mukauiwala momwemo, `apt upgrade` yotsatira idzakoka theka la makina kuchokera ku mtundu watsopano. Mukauchotsa, mwatsala ndi libc imene siidzalandiranso chigamba chilichonse, chifukwa `apt` ikuona kuti imene ilipo ndi yaikulu kale kuposa ya m'nkhokwe. A Debian makina otere anawapatsa dzina, FrankenDebian, ndipo kubweza phukusi mmbuyo sanalonjeze kuti kumatheka. Wodzavutika ndi amene adzalowe m'malo mwanu, osadziwa kuti pansi pali chiyani.

## Kuipezera pulogalamu pokhala

Njira yotchipa koposa ndi kufufuza ngati eni pulogalamu anatulutsa mtundu wina. Mapulogalamu ambiri olembedwa mu Rust amakhala ndi fayilo ina yokhala ndi mawu akuti `musl` m'dzina lake, imene inanyamula zonse mkati ndipo glibc siifuna. Node.js kuyambira 18 imafuna 2.28, ndiye Ubuntu 18.04 imalephera ndi kanambala kamodzi kokha. VS Code nayo kuyambira 1.86, kumayambiriro kwa 2024, inayamba kufuna 2.28 pa seva imene mukulumikizako. Zikafika potere makinawo akukuuzani kuti nthawi yawo yakwana.

Ngati pulogalamuyo ndi yanu, nkhani ndi yophweka. Wophunzira wa ku Mzuni amene walemba pulojekiti pa laputopu ya 24.04 n'kukaiika pa seva ya 20.04 sakufunika kukhudza seva. Aimangire pa makina akale kwambiri mwa onse amene idzayendepo, kaya ndi pa seva pomwepo kapena mu kontena (kamakina kodzipatula koyenda mkati mwa makina anu) ya `ubuntu:20.04`. Wolemba m'chinenero cha Go angoika `CGO_ENABLED=0` pomanga.

Ikakhala ya eni ake ndipo mtundu wina palibe, kontena, yoyendetsedwa ndi pulogalamu ya Docker, ndiye yankho limene ndimayamba nalo:

```
docker run --rm -v "$PWD":/ntchito -w /ntchito ubuntu:24.04 ./pulogalamu
```

Kontena imabwera ndi glibc yake ndi loader yake, ndipo ku makina anu imangobwereka kernel. Ya Ubuntu yopanda zowonjezera siifika ndi 100 MB pomwe. Mukaidawuniloda kamodzi pamene netiweki ili bwino, `docker save` imaiika mu fayilo, mumainyamula pa fulashi, ndipo `docker load` imaitsitsa pa makina ena popanda bandulo. Onani kokha kuti Docker yanu si yakale kuposa 20.10.10, chifukwa zakalezo zimatsekereza `clone3` imene glibc 2.34 inayamba kugwiritsa ntchito, ndipo zinthu zimafa mu kontenamo ndi mauthenga osamveka.

Pamene Docker siingaikidwe, mangani glibc yachiwiri pambali, m'foda yakeyake imene makina saidziwa:

```
mkdir build && cd build
../glibc-2.35/configure --prefix=/opt/glibc-2.35
make -j4 && sudo make install
```

Musanadinde Enter pa mzere womalizawo, werenganinso `--prefix`. Poyatsa pulogalamu mumaitana loader yatsopano ndi dzina lake lonse:

```
/opt/glibc-2.35/lib/ld-linux-x86-64.so.2 --library-path /opt/glibc-2.35/lib:/usr/lib/x86_64-linux-gnu ./pulogalamu
```

`patchelf` ikhoza kulemba njirazi mkati mwa pulogalamuyo kuti musamabwereze mzere wautaliwu. Foda ya `/opt/glibc-2.35` musailowetse mu `/etc/ld.so.conf.d`. Dziwaninso kuti glibc imeneyi palibe adzaitumizire chigamba, ndiye ndi yongodikirira, si yokhalitsa.

## Kukweza makina onse, magetsi ndi netiweki zili mmene tikuzidziwira

Mapeto ake makina akale amayenera kukwezedwa, ndipo apa ndi pamene malangizo olembedwa kunja amatisiya panjira, poti amalembedwa ndi anthu amene magetsi sawathimira. `dpkg` imalemba fayilo yatsopano pambali kenako n'kuisinthitsa dzina, ndiye fayilo imodzi payokha siikhala yatheka. Koma phukusi lili ndi mafayilo ambiri, ndipo kukweza kuli ndi maphukusi mazanamazana. Magetsi akathima pakati, mukhoza kutsala ndi zina zatsopano zina zakale.

Choncho UPS iyeseni, musangoikhulupirira. Makina asanayambe ntchito yofunika, zulani pulagi pakhoma n'kuona kuti ikhala mphindi zingati. Zambiri za m'maofesi athu zimalira bwino koma mabatire anafa kale. Rauta ndi switch zikhalenso pa UPS kapena pa inveta, ndipo ngati pali jenereta funsani ngati muli mafuta, musangoona kuti ilipo. Nthawi ya mvula, imene kuno imafika mpaka mu Epulo, yang'ananinso kumwamba: mitambo ikada chaku Kaning'ina ndipo kukugunda, ntchitoyo idikire mawa. Lachisanu masana ayi, kumapeto kwa mwezi anthu akukonza malipiro ayinso.

Netiweki ikaduka nthawi yodawuniloda palibe choopsa, `do-release-upgrade`, lamulo lokwezera Ubuntu, imayamba yatenga maphukusi onse, imakuuzani kukula kwake n'kufunsa ngati mupitirize. Choopsa ndi kuduka kwa SSH, njira yolowera pa seva muli kutali, ntchito yoika ili mkati. Yambani mwalowa mu `tmux`, kuti foni ikataya netiweki ntchito ipitirire ndipo mubwerere ndi `tmux attach`. Ikaona kuti mwalowera pa SSH, `do-release-upgrade` imatsegula khomo lachiwiri pa port 1022, koma firewall muitsegulire nokha. Ndipo ngati seva ili ku Karonga kapena ku Chitipa inu muli ku Luwinga, pakhale munthu komweko wokhala ndi kiyi wa chipindacho, kiyibodi ndi sikirini. Kutsika phiri la Chiweta pa basi chifukwa cha funso limodzi limene makina akudikira kuti wina ayankhe n'kowawa.

Amene muli ndi makina ambiri, monga labu ya sukulu, ikani `apt-cacher-ng` pa imodzi. Imamvetsera pa port 3142, ndipo phukusi likabwera kamodzi ena onse amatenga pomwepo.

Musanayambe, bakapu ikhale kunja kwa makinawo, ndipo muiyese ngati ikutseguka. Database muitulutse ndi `pg_dump` kapena `mysqldump`. Ngati seva ili mu virtual machine, tengani snapshot. Onani malo ndi `df -h`, makamaka `/boot` ndi `/var`. `dpkg --audit` isalembe kalikonse, ndipo `apt-mark showhold` ikuonetseni ngati wina anamangirira phukusi. Kenako konzani zida zodzipulumutsira: ikani `busybox-static`, pulogalamu imodzi yokhala ndi `ls`, `cp`, `mv` ndi ena mkati mwake, ndipo `file /bin/busybox` inene kuti `statically linked`, kutanthauza kuti siidalira libc ya makina. Chitani `apt download libc6 libc-bin` n'kusunga mafayilo awiriwo pa fulashi. Fulashi ina ikhale ya live USB (yoyatsira Linux osadalira disiki ya makina) ya mtundu womwewo, yoti mwaiyesa kale kuti ikuyatsa makina amenewo. Terminal imodzi ya root ikhale yotsegula mpaka ntchito ithe.

```
sudo apt update && sudo apt full-upgrade
sudo reboot
sudo do-release-upgrade
```

Ubuntu imakwera sitepe imodzi imodzi, 18.04 kupita 20.04, kenako 22.04, kenako 24.04. Ngati masitepe ndi atatu, ine ndimakonda kuika makina atsopano pa disiki ina n'kusamutsa deta, disiki yakale n'kuisunga m'kabati osaikhudza. Bandulo yake ndi yochepa ndipo pobwerera pamakhalapo. Wa CentOS 7 ndingamulangize chimodzimodzi, apite ku Rocky Linux kapena AlmaLinux. Pa Debian mumasintha dzina la mtundu m'mizere yonse ya `sources.list`, osati umodzi, kenako `apt update`, ndipo `apt -d full-upgrade` imadawuniloda zonse osaika, kuti kuikako mudzachite nthawi imene magetsi mukuwakhulupirira.

Pali msampha wina umene suoneka tsiku lokweza. Glibc 2.28 inasintha kasanjidwe ka zilembo, ndiko kuti dzina liti limatsogola ndi liti limatsatira. PostgreSQL imadalira kasanjidwe ka glibc pomanga ma index a mawu. Mukadutsa malire amenewa, monga kuchoka pa Ubuntu 18.04 kupita 20.04, Debian 9 kupita 10, kapena CentOS 7 kupita ku banja la 8, n'kusunga mafayilo a database mmene analili, index imakhala yosanjidwa mwakale pomwe kufufuza kukuchitika mwatsopano. Palibe uthenga wa vuto umene umatuluka. Kalaliki amangoti dzina la wophunzira kapena la kasitomala silikupezeka, chikhalirecho lilimo, ndipo akalilembanso likhoza kulowa kawiri. Chitani `REINDEX DATABASE` anthu asanayambe kulowetsa zinthu, kapena bwezerani deta kuchokera ku `pg_dump`, kumene kumamanganso ma index onse. MySQL ndi MariaDB zili ndi kasanjidwe kawokawo, izi sizizikhudza.

## Zaonongeka kale, nditani

Ngati magetsi anathima pakati koma makina akuyakabe, ambiri amachira ndi izi:

```
sudo dpkg --configure -a
sudo apt --fix-broken install
sudo apt full-upgrade
```

Bwerezani mpaka zitasiya kudandaula. Akakanika kufika polowera, sankhani recovery mode pa Advanced options ya GRUB n'kuchitira pomwepo. Ngati vuto linayamba mutangolemba `LD_LIBRARY_PATH`, lembani `unset LD_LIBRARY_PATH`. Lamuloli lili mkati mwa bash, ndiye limagwira ngakhale ena onse akukana. Mukatero kachotseni mzerewo mu `.bashrc`.

Choopsa chenicheni ndi ichi:

```
ls: error while loading shared libraries: libc.so.6: cannot open shared object file: No such file or directory
```

Tsiku lina ndinalandira foni kuchokera ku ofesi ina ya ku Katoto. Anali mtsikana wa pa atachimenti, ndipo malangizo amene ankatsatira anamuuza kuti ayambe wasuntha `libc.so.6` kukhala `libc.so.6.old`. Mawu ake ankanjenjemera.

"Achimwene, ndalemba ls ikukana, cp ikukananso. Ndizimitse ndiyatsenso?"

"Ayi achemwali, dzanja lichoke pa batani. Terminal musaitseke. Kumapeto kwa mzere umene mukulembapo pali chizindikiro cha dola kapena cha hashi?"

"Cha hashi."

Hashi ikutanthauza kuti anali root, ndipo bash yake inali idakali ndi libc mu memore. Anawerenga maina a m'fodamo ndi `echo /lib/x86_64-linux-gnu/libc*`, poti `echo` ndi `cd` zili mkati mwa bash, kenako analemba chilembo chimodzi chimodzi ine ndikumuwerengera:

```
/bin/busybox mv /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6.old /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6
```

`ls` inayankha, ndipo anzake a mu ofesimo sanadziwe n'komwe kuti panachitika kanthu.

Busybox ikasowa, njira ina ilipo. Pa makina a glibc yochepera 2.34, `libc.so.6` ndi symlink chabe yoloza ku fayilo yeniyeni, monga `libc-2.31.so` pa Ubuntu 20.04. Ngati chachotsedwa ndi symlink yokha:

```
LD_PRELOAD=/lib/x86_64-linux-gnu/libc-2.31.so ln -s libc-2.31.so /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6
```

Pa CentOS 7 fayiloyo ndi `/lib64/libc-2.17.so`, ndipo kulinso `/sbin/sln` imene siidalira libc. Kuyambira 2.34 `libc.so.6` ndi fayilo yeniyeniyo, ndiye mukaifufuta ndi `rm` palibe ina yolozako. Zonsezi zimafuna kuti mukhale root kale. `sudo` siiyaka libc palibe, ndipo `LD_PRELOAD` yotere imaikana dala pofuna chitetezo. Ngati chizindikiro chanu ndi dola, pitani ku live USB.

Amene munazimitsa kale mukuona `Kernel panic` ndi mawu akuti `Attempted to kill init!`. Mtima ukhale m'malo, deta yanu ili bwinobwino pa disiki, chafa ndi choyatsira mapulogalamu basi. Musalole wina akuuzeni kuti mufomate. Yatsani ndi live USB, pezani disiki ndi `lsblk`. Pa Ubuntu Server yoikidwa ndi LVM mwachizolowezi zimakhala chonchi:

```
sudo vgchange -ay
sudo mount /dev/ubuntu-vg/ubuntu-lv /mnt
dpkg-deb --fsys-tarfile libc6_*.deb | sudo tar -x --keep-directory-symlink -C /mnt
sudo ldconfig -r /mnt
```

Phukusi la `libc6` likhale la mtundu wa makina ovulalawo, lija munasunga pa fulashi, kapena lotengedwa ndi `apt download libc6` pa live USB ya mtundu womwewo. Mawu akuti `--keep-directory-symlink` musawasiye. Pa makina ambiri a masiku ano `/lib` ndi symlink yoloza ku `/usr/lib`, ndipo popanda mawuwa `tar` ikhoza kuichotsa n'kuikapo foda yeniyeni yokhala ndi mafayilo a libc okha, vuto n'kukula kuposa poyamba. `dpkg --root=/mnt -i` siithandiza pano, chifukwa imayendetsa timalamulo take mkati mwa makina omwe afawo.

Ngati wina anachita `make install`, yang'anani mu `/mnt/usr/local/lib`. Mukapezamo `libc.so.6`, `libm.so.6` ndi anzawo, asunthireni kwina musanayendetse `ldconfig`. Kenako lowani mkati kuti `apt` imalize ntchito moyenera:

```
for d in dev proc sys run; do sudo mount --rbind /$d /mnt/$d; done
sudo chroot /mnt
apt install --reinstall libc6 libc-bin
dpkg --verify libc6
```

`chroot` ikakupatsani mzere wolembapo, ndiye kuti libc yadzuka. `dpkg --verify` ikangokhala chete, mafayilo akufanana ndi a m'phukusi, mukhoza kutuluka n'kuyatsa makina.

Otsala ndi aja osakanizidwa mitundu iwiri. `apt policy libc6` ikuonetsani nambala imene ilipo ndi nkhokwe imene inachokera, ndipo ngati sizikugwirizana ndi zimene `/etc/os-release` ikunena, wina anadutsapo. Kubweza `libc6` mmbuyo pa makina amene akuyenda sindikulangizani, chifukwa maphukusi ena amene analowa nayo limodzi akudalira kale nambala yatsopanoyo ndipo agwa mmodzimmodzi. Tengani bakapu lero lomwe. Ngati mtundu umene unasakanizidwamo ndi wotsatira weniweni, monga `bookworm` pa `bullseye`, sinthani mizere yonse ya `sources.list` n'kumaliza ulendowo ndi `apt full-upgrade`, mutakonza zonse za UPS, tmux ndi fulashi zija. Ngati anadumpha mtundu, kapena anasakaniza Debian ndi Ubuntu, ikani makina atsopano pa disiki ina n'kusamutsa deta.